Tsiku Limene Ndinathyola Mchira wa Dayinoso

Tinanyamuka pa Thyolo Boma Lachitatu cha m'ma 7 koloko m'mawa, mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba mpaka denga la msika. Tinali atatu: ine, achemwali anga a Egile, ndi a Namakhwa, eni ake ulendowo. Lachitatulo tinachita kulifunafuna. A Namakhwa ndi a Sabata, ndiye Loweruka sayenda. Ine ndimapemphera Lamulungu, ndiye Lamulungu sindiyenda. Masiku a msika nawo sindisiya makina anga osokera.

Ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, koma ndisanagule makinawo ndinkathyola tiyi kuesiteti mpaka msana unandikaniza. Amuna anga anamwalira mwana wanga womaliza, Linesi, ali pasukulu, ndipo pano Linesiyo ali ndi ana ake ku Limbe. A Namakhwa nawo akazi awo anamwalira. Ankayendetsa thirakitala yonyamula masamba kupita nawo kufakitale mpaka anapuma pantchito. Chaka chatha anayamba kubwera pakhonde panga ndi thalauza loti ndilichepetse m'chiuno. Sabata yotsatira ankabwera ndi thalauza lomwelo kuti ndilikulitse. Itayandikira Khirisimasi ananena zimene ankafunazo, zoti timange banja, ine ndinati ndikaganize. Mvula inagwa n'kutha, anthu anakolola, ine ndikuganizabe. Sikuti sindinkawafuna ayi. Ndinali nditazolowera kukhala ndekha m'nyumba mwanga, komanso mtima unkachita mantha ndi zinthu zimene sindinkatha kuwafotokozera.

Ndiye tsiku lina anabwera chimanjamanja, n'kukhala pabenchi ya makasitomala.

"Amake Linesi, kodi munaonapo phazi la dayinoso?"

Ndinawauza kuti dayinoso ndimamuonera pa TV ya zidzukulu zanga ku Limbe, ndipo amakhala wojambula. Iwo anati kuseri kwa Masambanjati kuli kamtsinje kamene pathanthwe pake pali mapazi a nyamayo, ndipo pamtunda pake nyamazo zaimirira ndithu, munthu n'kuzigwira. Ndinaseka mpaka singano inandibaya. Koma atachoka ndinapezeka ndikusankha nsalu ya bulawuzi yatsopano. Chibadwire changa maulendo anga anali a kumaliro, a kuchipatala, a kuukwati ndi okapikula nsalu ku Limbe. Panalibe amene anandiitanapo kuti tiyeni tikangoona chinthu.

A Egile atamva anati apita nawo. Anati mzimayi wamkulu sangayende yekha ndi mwamuna kumitsinje anthu akuona. Ndinadziwa kuti akufunanso nthochi zotchipa za ku Masambanjati, chifukwa anabwera ndi dengu lalikulu kuposa iwo.

Minibasi ya ku Masambanjati inali masauzande anayi munthu mmodzi, ndipo a Namakhwa analipira onse tisanatsegule n'komwe zikwama. Anali atavala jekete la suti ndi tayi, m'jumbo atanyamula magambutsi. Bulawuzi yanga sanaione, popeza kuzizira kunandiveka juzi pamwamba. Pokwera, a Egile anadzipanikiza pakati pathu ngati katundu wosweka, dengu pamiyendo. Nkhani zonse za ulendowo ine ndi a Namakhwa tinkakambirana kudutsa pamwamba pa dengulo.

Titangotuluka pa Boma msewu unalowa m'minda ya tiyi. Nthawi imeneyi masamba amachepa, minda ina anali ataidulira yangotsala timitengo totuwa, ina ikadali yobiriwira mpaka kumene nkhungu inkalola maso kufika. Othyola anali apo ndi apo, atadzikulunga mapepala apulasitiki, madengu kumsana. Ine minda imeneyo ndimaidziwa ndi msana, koma a Namakhwa amaidziwa ndi matayala. Pakona iliyonse anali ndi nkhani: apa ngolo inamasuka n'kutsetsereka yokha mpaka kumlatho, apo anatitimira tsiku lonse mpaka anawakoka ndi thirakitala inzake. Ankakweza mkono kupereka moni kwa alonda a pageti, minibasi ikuthamanga, mawindo atachita nthunzi, alondawo osaona kanthu. Bambo ameneyu wanyamula tiyi moyo wake wonse, koma chifukwa cha mpingo wawo sanalawepo ngakhale kapu imodzi. Ndinawafunsa ngati sankakopeka ndi fungo la kufakitale. Anati fungo salemba tchimo.

Kumbuyo kwathu kunakhala namwino wina wachitsikana amene ankabwerera kuntchito kuchipatala cha ku Makwasa. Ataona tayi ndi dengu anafunsa mwaulemu ngati tikupita kuchinkhoswe. A Egile anayankha mokweza kuti tikupita kukaona dayinoso. Minibasi yonse inatembenuka. Mkulu wina amene anafumbata tambala anafunsa ngati nyamayo amaimangirira kapena imangoyenda. Mayi wina anati zimenezo ndi za masiku otsiriza. Kondakitala anati malowo akuwadziwa, ndi kwa mdala wa zinyama za simenti uja, ndipo ana asukulu amapitako pamalole. Atamva za simenti, mkulu wa tambala anataya chidwi n'kunena kuti nyama yosadyeka sangailipirire thiransipoti. Ine ndinabisa nkhope m'juzi. Ndinkaseka ngati mtsikana wa Sitandade 7, osadziwa chimene chikundiseketsa, ndipo a Egile anandigunda ndi chigongono kuti ndikumbukire msinkhu wanga.

Pa Makwasa tinafika itangodutsa 8 koloko. Anthu ambiri anatsika, ndipo dalaivala anazimitsa injini n'kunena kuti sanyamuka mipando ili yopanda anthu. Tinalowa m'katiyirumu kena kapafupi ndi siteji. Ine ndi a Egile tinaitanitsa tiyi wa mkaka ndi masikono. A Namakhwa anaitanitsa madzi otentha, mkaka ndi shuga, ndipo mayi wogulitsayo sanadabwe, kumeneko makasitomala otero ndi ambiri. Anamwa madzi oyerawo akupukusa mutu ngati akumva kukoma kwadzaoneni. Panja ana asukulu ya mishoni ankadutsa atapinda manja m'khwapa. Tinadikira mpaka minibasi inadzaza ndi matumba a feteleza, mpando wa pulasitiki ndi anthu.

Kuchoka pa Makwasa minda ya esiteti imayamba kuchepa, m'malo mwake mumabwera timinda ta anthu: tiyi pang'ono, nandolo, chinangwa, mitengo ya mapeyala, nyumba zitakangamira m'mapiri ngati zingagwe. Msewu umakhotakhota moti mpando wa pulasitiki uja unkayenda wokha pamitu yathu. Pa Masambanjati tinatsika cha m'ma 10 koloko. Tisanaponde pansi bwinobwino amayi ogulitsa anali atatizungulira ndi nanazi, mapeyala, nzimbe ndi nthochi. A Egile anaiwala zoti abwera kudzandilondera. Ananenerera phava la nthochi mpaka wogulitsayo anawafunsa ngati kwawo kuli njala, kenaka anagwirizana, n'kusungitsa dengulo kwa mayi yemweyo kuti tidzalitenge pobwerera.

Kuchoka apo kulibe minibasi. Tinakwera njinga zamoto zitatu, masauzande awiri aliyense. Njira yake ndi ya dothi lofiira, yotsetsereka, ndipo chiperoni chinali chitaisandutsa sopo. Wa kabaza wanga anandiuza kuti ndisamugwire pakhosi koma m'chiuno, ndipo iye akapendekera kumanzere nanenso ndizipendekera kumanzere. Ine ndinkapendekera kumanja nthawi zonse. Kutsogolo ndinkaona tayi ya a Namakhwa ikuuluka paphewa, kumbuyo ndinkamva a Egile akuimba nyimbo ya kumaliro. Pena tinkatsika n'kuyenda pansi. Titazungulira phiri lina nkhungu inang'ambika mwadzidzidzi, dzuwa n'kutulukira, ndipo kutali kunaoneka chigwa chachikulu ndi mapiri a ku Mozambiki kumene agogo athu anachokera. Ndinakuwa ndi chimwemwe, wa kabaza n'kuima poganiza kuti ndagwa.

Kenaka ndinauona mutu. Unali pamwamba pa mitengo ya mapeyala, wobiriwira, waung'ono, pakhosi lalitali ngati mlongoti, ukuyang'ana njira imene tinkadzera. Ngakhale ndinkadziwa kuti ndi simenti, ndinamugwiritsitsa wa kabaza m'chiuno.

Pageti la nsungwi panali chikwangwani cholemba pamanja: PAKI YA NYAMA ZAKALE. OSAKWERA PAKHOSI. Ndinatsegula chikwama kuti ndilipire zolowera, koma mkulu amene anatilandira anabweza dzanja langa ndi manja ake awiri. Anali wamfupi, wa imvi, zikhatho zokhakhala. Atamwetulira ndinaona mpata wa mano wofanana ndendende ndi wa a Namakhwa. Ndinayang'ana pabwalo. Panali posesedwa mpaka m'mphepete mwa khola. Amayi angapo anali ataima pakhonde atavala zitenje zofanana, pa Lachitatu. Kuseri kwa nyumba kunkachokera fungo la nthenga za nkhuku zowauka.

A Egile ananditsina pamkono. "Iwe, kuno ndi kwawo."

Ndinatembenukira kwa a Namakhwa. Anali atavula chipewa, akuchizunguza m'manja. Anavomera kuti mkuluyo ndi a Simoni, akulu awo a bere limodzi, kuti amayiwo ndi alongo awo ndi alamu awo, ndiponso kuti iwo anabadwira m'nyumba imene inali pamene pali khola pano.

"Ndikanati tiyeni mukaone abale anga, mukanabwera?"

"Sindikanabwera."

"Koma dayinoso alipo ndithu. Pamenepo sindiname."

Ndinafuna kukwiya. Ndinayesetsa ndithu, mpaka ndinamanga nkhope. Koma munthu ungakwiye bwanji chinyama chobiriwira chikukusuzumira pamwamba pa denga? Amayi aja anabwera kudzatipatsa moni m'Chilomwe, akugwada, ndipo ine ndinayankha ndi Chilomwe changa chothyokathyoka chimene ndinasiyira kwa agogo. Anasangalala ngati ndawapatsa mphatso. Kutentha kunandikwera kumaso moti ndinavula juzi, ndipo apo m'pamene bulawuzi inaonekera. Akazi a a Simoni anaigwira pamkono n'kufunsa amene anasoka. A Namakhwa anayankha ine ndisanatsegule pakamwa.

A Simoni anatiyendetsa okha. Ndi mmisiri womanga nyumba. Anati zaka zapitazo anapita ku Karonga ndi kontirakitala wina, ndipo tsiku lina lopuma analowa m'nyumba yosungiramo zakale kuthawa dzuwa. Mmenemo anapeza mafupa a chinyama chimene anachifukula m'dera lomwelo, ataalumikiza chitaimirira. Anati anakhala pansi pomwepo mpaka wotseka anachita kuwatulutsa. Atabwerera kumudzi anapeza nthochi zawo zonse zitatha ndi matenda a chisaka, munda wa kumtsinje uli mbee. Anzawo anabzala nandolo. Iwo anayamba kupinda waya ndi kuunjika zidutswa za njerwa. Akazi awo anati chaka choyamba ankachita manyazi kupita kuchigayo.

Wa khosi lalitali uja ndiye wamkulu. Maso ake ndi matako a mabotolo, ndipo utoto wake unatsala pomwe ankapenta sukulu ina. Mchira wake unkatsika pang'onopang'ono kuchoka kumsana mpaka kukagunda pansi patali ndithu, pamwamba pake posalala chifukwa ana amatsetserekapo. Pafupi naye panaima wina wa miyendo iwiri, timanja tating'ono, kukamwa kuli yasa, mano ake a mbale zadothi zosweka. A Egile anazindikira maluwa a pa dzino lina n'kunena kuti mbale yotero anali nayo. Wina anali ndi minga ikuluikulu kumsana yopangidwa ndi makasu akutha. Kunalinso kamwana kotuluka m'dzira, kamene nkhuku yeniyeni inali itaikira mazira kumbuyo kwake. Ndinagwira chilichonse. Ndinalowetsa mutu m'kamwa mwa wa mano a mbale uja. Ndinafunsa mafunso ambiri kuposa ana asukulu, mpaka ndinafunsa ngati zinkalira ngati ng'ombe.

Nditafunsa kuti zinatha bwanji, a Simoni anayang'ana kaye mng'ono wawo. Anati aphunzitsi akabwera ndi ana amanena kuti zinafa kalekale munthu asanakhaleko, mwala waukulu utagwa kuchokera kumwamba. A kumpingo kwawo akabwera amanena kuti zinatsalira panja pa chingalawa cha Nowa. Iwo amangowasiya onse alankhule, chifukwa ntchito yawo ndi yomanga. Koma monga mmisiri, anati, khomo loti wa khosi uyu alowe akanavutika nalo.

Cha m'ma 12 koloko tinatsikira kumtsinje. A Namakhwa anavala magambutsi awo, suti ili pamwamba. Njira inadutsa m'nsungwi n'kutulukira pathanthwe lalikulu lathyathyathya, madzi akuyenda mbali imodzi. Mapaziwo anali pamenepo, maenje otsogozana ngati a chinthu chimene chinkawoloka. Lililonse kukula kwake ngati lichero, kutsogolo kuli timaenje titatu ngati zala. Ena anali osaoneka bwino, koma awiri anali oti ngakhale mwana anganene kuti apa panaponda chinthu. A Egile anaweramira n'kunena kuti imeneyi inali nkhuku basi, kungoti inkadya bwino.

A Simoni sanatibisire. Anati kunabwera anthu ophunzira za miyala, anagogoda thanthwelo ndi kahamala, n'kunena kuti mwalawo ndi wakale kwambiri kuposa nyamazo, ndipo maenjewo anakumba ndi madzi pozunguza timiyala. Mafupa enieni ndi a ku Karonga aja. Iwo anawathokoza, n'kuwauza kuti ngati ndi madzi, madziwo anali ndi luso. Kuyambira pamenepo aliyense wobwera amamuuza zonse ziwiri.

Ine sizinandichotsere kanthu. Ndinavula nsapato n'kuima ndi mapazi onse awiri m'phazi limodzi, malo n'kutsalabe. Madzi a mmenemo anali ozizira ngati a m'firiji. Ndinayesa kudumpha kupita m'phazi lotsatira, osafika, ndinayesanso. A Namakhwa anati ali ana ankasamba pomwepo, ndipo mayi awo pochapa ankaika sopo m'chala chapakati kuti asatengedwe ndi madzi. Ananena zimenezi motsitsa mawu, akuyang'ana kachala kameneko, ndipo kwa kanthawi ndinaona kamnyamata kopanda malaya m'malo mwa bambo wa tayi.

Pobwerera kumtunda ndinati Linesi sangakhulupirire popanda chithunzi. Akazi a a Simoni anabweretsa makwerero, n'kunena kuti pamsana m'pololedwa, choletsedwa ndi khosi. A Egile anati ndisayerekeze. Ndinamanga chitenje bwinobwino n'kukwera. Pamwambapo ndinkaona madenga onse a mudziwo, minda ya tiyi kutali uko, ndi anthu a m'njira ataima kundiyang'ana. Amayi aja anayamba nthungululu. A Namakhwa ankajambula ndi foni yanga, chala chawo chitatseka theka la galasi. Ndinakweza manja onse awiri ngati ndawina chisankho.

Chimene chinandilowa potsika sindichidziwa. Makwerero anali pomwepo, a Simoni atawagwira. Koma ndinayang'ana mchira wosalala uja ukutsetsereka mpaka pansi, ndipo ndinaganiza kuti ngati ana amatha, ine chingandikanize n'chiyani. Ndinakhala bwino n'kudzikankha.

Theka loyamba linali lokoma kuposa chilichonse chimene ndachitapo chikulire. Pakati pa mchira ndinamva kuti thyo. Kenaka ndinali pansi, miyendo m'mwamba, fumbi la simenti lili kumaso, ndipo chidutswa cha mchira chachitali ngati munthu chitagona pambali panga, waya ali panja.

Nthungululu zinaduka. Pabwalo ponse panangoti zii.

Apa ndiyenera kunena chimene ndinkaopa miyezi yonse ija. Malemu amuna anga sanali omenya, ndipo anthu ankati ndinakwatiwa bwino. Koma m'nyumba mwathu kapu ikasweka, kapena ndiwo zikapserera, ankangotseka pakamwa. Sabata inkatha osandilankhula, ine ndikuyenda monyang'ama m'nyumba yanga yomwe, kudikira tsiku limene adzayankhe moni. Ndinakhala choncho zaka zambiri. Ndiye nditagona pansi paja, pamaso pa abale onse a mwamuna amene akundifuna, nditawononga chinthu chimene mkulu wawo anachimanga ndi manja, thupi langa linakumbukira lokha. Sindinayang'ane bondo langa kapena chitenje. Ndinayang'ana pakamwa pa a Namakhwa.

Anafika akuthamanga, magambutsi akulira, foni ataiponya pa udzu. Anagwada n'kufunsa ngati ndavulala, kuti ndigwedeze phazi, ndigwedeze linalo, ndiwauze ngati msana ukupweteka. Ndinati ndili bwino, kungoti chigongono chasupuka. Anandiyang'ana, anayang'ana mchirawo, milomo yawo n'kuyamba kunjenjemera. Kenaka anakhala pansi pafumbi ndi suti yawo, n'kuseka. Anaseka mpaka misozi, akumenya pansi ndi chipewa, akuyesa kupepesa koma mawu osatuluka. Alongo awo anatengera pomwepo. Mmodzi anachita kutsamira mwendo wa dayinoso. Ine ndinayamba ndi kulira, kulirako n'kusanduka kuseka, mpaka sindinkadziwanso kuti ndikuchita chiti.

A Simoni okha ndiwo sanaseke msanga. Anazungulira chidutswacho, anagwira waya, n'kunena kuti cholakwa ndi chawo, pamenepo anaikapo waya wa mpanda chifukwa zitsulo zinawathera. Anati akhala akudikira kuti pathyoke, ndipo ndi bwino kuti pathyoka ndi munthu wa pakhomo osati mwana wa eni. Mawu oti munthu wa pakhomo anawanena akuyang'ana waya, ngati sakunena kanthu. A Egile, amene manyazi anali atawagwira kuposa ine, analonjeza kuti nthochi zawo zonse zija azisiya ngati chipepeso, koma palibe anawamvera.

Simenti inalipo theka la thumba. A Namakhwa anavula jekete ndi tayi n'kuzipachika padzino la wa mano a mbale uja, anatenga fosholo n'kuyamba kusakaniza ndi mchenga. A Simoni anapeza chitsulo cha bedi lakale choti chilowe m'kati. Anandiuza kuti ndikhale pamkeka ndipume, koma ndinakana. Ndinatenga ndowa n'kutsikira kumtsinje ndi akazi a a Simoni.

Kumtsinjeko mayiwo anandiuza zambiri osafunsidwa. Anati alamu awowo ndi munthu wosachedwa kuiwala pamene waika makiyi, amaliza mkonono, ndipo akayamba nkhani ya thirakitala umachita kuthawa. Anati akazi awo atadwala nthawi yaitali, ankawasambitsa okha ndi kuwachapira, anthu akuwanena. Za mpingo anati iwonso anakwatiwa akupemphera Lamulungu, ndipo anasintha patapita zaka mwa kufuna kwawo, palibe anawakoka. Atanditwika ndowa anandiitana kuti alamu, kenaka anagwira pakamwa ngati zawapulumuka. Sizinawapulumuke.

Mchira tinaulumikiza cha m'ma 2 koloko, n'kuuchirikiza ndi njerwa kuti uume. Pachilondapo panali potuwa, ndipo a Simoni anati utoto wobiriwira unatha, adzapaka umene udzapezeke. Bulawuzi yanga inali itathimbirira simenti mpaka m'khosi. Tinadya pamkeka pansi pa mimba ya chinyamacho, pamthunzi: makaka a chinangwa ophika pamodzi ndi nandolo, nkhuku ija, ndi nyemba za kalongonda zimene ndinali ndisanadye chimwalirire mayi anga. Thobwa linabwera m'ndowa. A Egile anadya mwakachetechete mbale yoyamba, yachiwiri anayamba kufotokozera alongo a a Namakhwa mbiri ya banja lathu kuyambira kwa agogo.

Titatha kudya ndinatsikiranso kumtsinje kukasukusula simenti ya m'mikono. Ndinamva magambutsi kumbuyo. A Namakhwa anagwada patali pang'ono n'kuyamba kusamba m'manja, nthawi yaitali, manja oyera kale.

"Amake Linesi, kaya kuganiza kuja kwafika pati."

"Tiyi sindisiya," ndinatero.

"Ndizikuwiritsirani madzi."

"Lamulungu ndizipita kwathu kutchalitchi. Ndipo nyumba yanga sindichokamo, mukabwera ndinu."

Anati zonsezo anaziganiza kale, ndipo katundu wawo ndi wokwana pa njinga imodzi. Ndinapukuta manja pachitenje.

"Ndiye auzeni a Simoni akaonane ndi achimwene anga ku Bvumbwe."

Anaimirira, anavala chipewa, anachivulanso, kenaka anayamba kukwera njira ya kumtunda mothamanga, n'kundisiya ndekha pathanthwe. Ndisanafike n'komwe pansungwi ndinamva nthungululu zikuyambiranso.

Tinachoka cha m'ma 3 koloko, njinga zomwe zija zitabwera kudzatitenga. Anatipatsa mapeyala, chinangwa ndi nkhuku yamoyo imene a Egile anaifumbata ulendo wonse. Pokwera phiri sindinaope, ndipo wa kabaza anati ndaphunzira kupendekera. Pa Masambanjati tinatenga dengu la nthochi, minibasi n'kupezeka yodzaza kale, moti pa Makwasa sinachedwe. Ndili m'njira ndinatumiza chithunzi kwa Linesi. Anaimba nthawi yomweyo kufunsa kuti ndili kuti, ndakwera chiyani, ndipo chala chili pachithunzicho ndi cha ndani. Ndinamuuza kuti abwere Lamulungu masana, nkhani yake si ya pafoni.

Pa Boma tinafika dzuwa likulowa, kuzizira kutabwerera. Amene mukufuna kukaona nyamazo, pitani nthawi yopanda mvula, valani nsapato zafulati, ndipo potsika gwiritsani ntchito makwerero. Ngati mapazi aja ndi a dayinoso kapena a madzi, ine sindingaweruze. Chimene ndinakachipeza kumeneko n'china. Miyezi yonse ija ndinkayesa kumudziwa munthu atakhala pabenchi, atavala bwino, akusankha mawu, ndipo sindikanamudziwa ngakhale ndikanaganiza chaka china. Ndinamudziwa nditagona pafumbi nditaswa chinthu cha kwawo.

A Namakhwa anaperekeza dengu mpaka kwa a Egile, kenaka ine mpaka pampanda. Anandigwira dzanja ndi manja awiri ngati tili pamaliro, anati mugone bwino, n'kunyamuka kulowera njira yosapita kwawo. Ndinawasiya ayende pang'ono ndisanawaitane.

Nditalowa m'nyumba sindinakhale pansi. Ndinaima pakati pa balaza, nsapato zili m'manja, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti mpando wachiwiri ndidzauika pati.